Ambulansi isanafike: zoyenera kudziwiratu wophunzira wogonera pakoleji ku Dedza

Makolo akamaperekeza mwana ku koleji, malangizo awo sasintha chaka ndi chaka: usamale ndi akuba, usamayende usiku, usatengeke ndi anzako oipa. Akatero amamugulira loko wamkulu wa pachitseko ndi wina wamng'ono wa sutikesi, n'kubwerera kumudzi mtima uli m'malo. Malangizowo sindikuwanyoza. Koma ine amene ndidagonapo m'hositelo ku Dedza kuno, ndikamakumbukira zimene zidatsala pang'ono kutitengera kuli chete, wakuba sapezekapo. Pamapezeka mbaula, kandulo, waya wosenda wopanikizidwa m'soketi ndi mtengo wa machesi, ndiponso loko yemwe uja, atakhomedwa pachitseko chimene chimayenera kutseguka msanga.

Makoleji a m'boma lino sali pakati pa tauni. Ya aphunzitsi ya St Joseph's ili ku Bembeke, ya zankhalango ndi nyama zakutchire ili ku Chongoni, ndipo kuti ufike ku chipatala chachikulu cha boma kuchokera malo ngati amenewa pamafunika galimoto, mafuta ndi dalaivala amene wadzuka. Magalimoto ozimitsa moto ndi a makhonsolo a mizinda, ndipo Lilongwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Dedza boma. Chipinda chokhala ndi matiresi a siponji chikagwira moto sichidikira ola lathunthu. Ndiye pa ngozi zambiri za pakoleji, mphindi khumi zoyambirira zili m'manja mwa iwe, mesho wako (mnzako wogona naye chipinda chimodzi) ndi mlonda. Kukonzekera zadzidzidzi kwenikweni n'kudziwiratu chochita m'mphindi zimenezo, usanasokonezeke mutu.

Mbaula

Ndiyambe ndi imeneyi chifukwa ndiyo ya kwathu kuno. Tauni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 ndipo nsonga ya phiri la Dedza imafika pafupifupi 2,200. Wochokera ku Nsanje kapena ku Salima amamva tanthauzo la manambala amenewa usiku woyamba wa Juni, bulangete limene adabwera nalo likamamveka ngati chitenje. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuzizira kwa usiku kumatsika pansi pa madigiri 10. Magetsi akazima pamwamba pa zimenezo, maganizo a aliyense amathamangira kumodzi.

Chaka changa choyamba, usiku wina wa Julayi, tidali anayi m'chipinda cha anthu awiri. Mesho wanga adabwereka mbaula kwa mayi wina wokazinga tchipisi kunja kwa geti. Tidaikoleza panja, monga amachitira aliyense, n'kudikira kuti utsi uthe. Makala atafiira bwinobwino tidailowetsa, tidatseka windo, ndipo kampata ka pansi pa chitseko tidatsekapo ndi thaulo kuti mphepo isalowe. Tidadziona anzeru zedi.

Cha m'ma 1 koloko ndidadzidzimuka mutu ukugunda ngati ng'oma, nseru ili tho. Ndidangoti malungo aja abweranso. Nditadzuka kuti ndikataye madzi, miyendo idakana, ndipo ndidagwera pachitseko. Adatipulumutsa ndi mnyamata wa chipinda choyandikana amene adamva kugwako n'kubwera kudzatikalipira. "Aise, mukutisokosa bwanji usiku uno?" Mwayi wake chitseko tidangochikankha osakhoma. Atandiona pansi, n'kuonanso mbaula pakona, adatsegula windo n'kuyamba kukuwa. Awiri adadzuka akudzandira. Mesho wanga adachita kumukokera panja atamugwira m'khwapa, ndipo padapita nthawi asanayankhe dzina lake.

Chidatichitikira n'chiyani? Makala akamanyeka m'malo opanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, suyabwa m'maso, sutsokomoletsa. Apa ndi pamene ambiri timanamizika. Timaganiza kuti choopsa ndi utsi, ndiye utsi ukatha mbaula yayera. Zoona zake n'zakuti makala ofiira aja, opanda utsi ngakhale pang'ono, akupitirizabe kutulutsa mpweyawu mpaka atasanduka phulusa. Ukalowa m'mapapo umakakamira ku magazi, pamalo pomwe pamayenera kukhala okosijeni, ndipo umagwira mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Magazi amayendabe, mtima ukugundabe, koma katundu amene akunyamula si woyenera. Ubongo ndi mtima, zimene zimadya okosijeni wambiri, ndizo zimayamba kufooka. Munthu amamva mutu, chizungulire, nseru, kufooka ndi tulo tambiri. Amene ali kale m'tulo samvanso chilichonse, amangopitirira.

Zizindikirozi zimafanana ndi malungo, ndipo ndicho chimapusitsa. Pali njira ziwiri zosiyanitsira. Malungo sagwira anthu anayi a m'chipinda chimodzi pa ola limodzi. Ndipo mutu wa malungo suleka chifukwa watuluka panja, pamene wa makala umayamba kupepuka ukapuma mpweya wabwino. Mukadzuka nonse mitu ikuwawa ndipo m'chipindamo mudali mbaula, tulukani kaye, zokambirana pambuyo.

Mukapeza mnzanu sakudzuka, tsegulani chitseko ndi mawindo, mutulutseni panja, ndipo musachedwe m'chipindamo kufunafuna foni, chifukwa mpweya womwewo ukukulowani inunso. Ngati akupuma koma sakuyankha, mugonekeni chammbali kuti akasanza zisamutsamwitse. Osamumwetsa mkaka. Ndikudziwa kuti kumudzi timakhulupirira kuti mkaka umasukulutsa poizoni aliyense, koma mpweyawu uli m'magazi, si m'mimba, ndipo kuthira chamadzimadzi m'kamwa mwa munthu wokomoka n'kumupha kachiwiri. Mankhwala ake ndi okosijeni wa kuchipatala, ndipo ngakhale atatsitsimuka n'kumati ali bwino, apite ndithu akaonedwe. Kutsegula windo pang'ono n'kugona ndi mbaula si njira. Njira ndi bulangete lachiwiri la pakaunjika, chipewa, masokosi, ndi botolo la madzi otentha lokulunga m'nsalu kumapazi.

Moto, ndi funso la kiyi

Moto wa m'hositelo kawirikawiri umayamba pa zinthu zitatu: kandulo, magetsi olemetsedwa, ndi chinthu choiwalika chili choyatsa.

Za kandulo aliyense akudziwa, koma tiyeni tione chipinda cha wophunzira momwe chimakhalira. Neti ikulendewera, katani pawindo, mabuku ndi mapepala pathebulo, zovala pachingwe, matiresi a siponji. Kandulo yomata pachivundikiro cha botolo la pulasitiki imayikidwa pakati pa zonsezi ndi munthu amene wawerenga kuyambira madzulo ndipo maso akulemera. Tochi ya mabatire kapena kanyale ka sola n'zotsika mtengo kuposa chilichonse chimene chingapse m'chipindamo.

Za magetsi pamafunika kasamu pang'ono. Magetsi athu ndi a mphamvu ya mavolti 230, ndipo pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito idapangidwa kuti isapyole ma amp 13. Mukachulukitsa, mupeza mawati pafupifupi 3,000 pa soketi imodzi. Ketulo yokha imadya cha m'ma 2,000. Hotipuleti ndi ayironi, chilichonse chimadya 1,000 kapena kuposa. Ndiye ekisitenshoni imodzi yapamsika, ya waya woonda ngati ulusi, ikanyamula ketulo, hotipuleti ndi machaja anayi, wayayo amatentha mkati mwa pulasitiki pang'onopang'ono. Fyuzi ya m'pulagi ntchito yake n'kuduka zinthu zisanafike poipa. Ife ikaduka timakulungapo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, n'kumayamikirana kuti ndife akatswiri. Pamenepo tachotsa mlonda yekhayo amene adalipo. Soketi yakuda m'mbali, pulagi yotentha poigwira, kapena fungo la pulasitiki wopsa, zonsezi ndi moto umene ukugogoda.

Chachitatu n'chimene dziko la kuzimazima kwa magetsi limachidziwa bwino. Ukusita, magetsi azima, ukuti aaa, n'kupita ku kalasi kapena kukagona, ayironi ili chigonere pa malaya, switchi ili yoyatsa. Magetsi amabwera nthawi imene afuna, mwina 2 koloko usiku, mwina chipinda chili chokhoma. Chizolowezi chake n'chimodzi: magetsi akangozima, zula chilichonse chotenthetsa nthawi yomweyo, usanachite china.

Moto ukayamba, chimene chimapha ambiri ndi utsi, lawi lisanawafike. Siponji ikamapsa imatulutsa utsi wakuda wapoizoni umene umadzaza kudenga n'kumatsika. N'chifukwa chake potuluka mumakwawa, popeza mpweya wopumika umatsalira pansi. Musanatsegule chitseko chotseka chikhudzeni ndi kuseri kwa dzanja. Ngati chikutentha, moto uli kuseri kwake. Mukatuluka m'chipinda choyaka tsekani chitseko, moto uchedwe kufalikira mukolido. Moto wa magetsi suthiridwa madzi magetsiwo asanazimitsidwe, choncho dziwani pamene pali switchi yaikulu ya hositelo yanu. Mafuta ophikira akayaka m'poto, vundikirani ndi chivundikiro. Mukathira madzi, lawi lidumpha kufika kudenga. Zovala zikagwira moto, musathamange, gwani pansi n'kugubuduzika. Chitini chofiira chozimitsira moto chili pakhoma chija, kodi mudachiyang'anapo? Ngati chili ndi kawotchi, kamuvi kake kayenera kuloza pobiriwira. Mumazula kapini, n'kulozetsa patsinde pa moto, osati pa lawi, ndipo chimatha m'masekondi owerengeka. Ndi cha moto woyamba kumene. Moto ukafika kudenga, ntchito yanu yatsala imodzi, kutuluka ndi kudzutsa anzanu.

Koma kutulukira kuti? Apa ndi pamene nkhani ya loko imabwerera. Mu Marichi 2001, pa sukulu ya sekondale ya Kyanguli ku Machakos m'dziko la Kenya, anyamata 67 adafera m'hositelo imene idayatsidwa usiku. Mawindo adali ndi zitsulo, ndipo limodzi mwa makomo awiri lidali lokhoma. Ndikayang'ana mahositelo athu ambiri ndimaona chithunzi chomwecho: zitsulo pawindo lililonse chifukwa cha akuba, khomo lakumbuyo lokhomedwa ndi tcheni kuyambira kalekale moti kiyi wake palibe akumukumbukira, ndi khomo lakutsogolo limene limakhomedwa usiku kuti atsikana asatuluke kapena anyamata asalowe. Cholinga chake n'chabwino. Koma funsani funso ili sabata yoyamba: usiku kiyi amakhala ndi ndani, ndipo munthuyo amagona kuti? Ngati yankho ndi lakuti amakhala ndi mlonda amene amazungulira mpanda wonse, kapena ndi a matroni amene nyumba yawo ili kuseri kwa bwalo la mpira, ndiye kuti mukugona m'khola. Khomo limene anthu akugona mkati mwake liyenera kutseguka kuchokera mkati, popanda kudikira wina. Imeneyi ndi nkhani yoti bungwe la ophunzira liitengere kwa akuluakulu a koleji mwaulemu koma osatopa, ndipo m'maganizo mwanga imaposa ya kuchepa kwa ndiwo ku kafeteriya imene timaichitira zionetsero.

Pali kanthu kenanso kamene sitikonda kukakamba. M'zipinda zambiri mumagona anthu oposa amene adalembedwa m'kaundula, anzathu aja osowa malo amene timawasunga mobisa. Sindikuweruza, inenso ndidasungidwapo. Koma moto ukabuka, owerenga anthu panja amawerenga a m'kaundula, akakwana amati onse atuluka. Payenera kukhala munthu mmodzi pa kolido iliyonse, wophunzira mnzanu, amene akudziwa chiwerengero chenicheni, ndi malo amodzi ogwirizana okumanirana, kaya pansi pa mtengo wakutiwakuti, kuti wosowa adziwike msanga. Ndipo amene watuluka asabwererenso kukatenga laputopu.

Wopsa mumamuthira madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20, n'kuchotsa mphete kapena wotchi malowo asanatupe. Mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira, zonsezi zimangosunga kutentha ndi kulowetsa tizilombo. Matuza osawaboola.

Wadwala pakati pa usiku

Nambala ya apolisi ya 997 isungeni. Ya Chipatala Cha Pa Foni ndi yaulere ndipo imathandiza pa uphungu wa zaumoyo. Koma kunena zoona, nambala zimene zimatulutsa munthu pakoleji usiku ndi zapafupi: ya a matroni kapena woyang'anira hositelo, ya dalaivala wa koleji, ya namwino ngati alipo, ya polisi yapafupi, ndi ya wakabaza mmodzi kapena awiri amene mumawadziwa nkhope ndi kwawo. Zilembeni papepala n'kumata kuseri kwa chitseko. Foni imatha moto, imabedwa, ndipo ya wodwalayo imakhala yokhoma ndi pasiwedi imene akuidziwa yekha.

Sungani ndalama ya m'manja yokwanira kupita ku chipatala ndi kubwerera, pamalo pamene simuikhudza ngakhale mwezi utavuta bwanji. Ya mufoni ndi yabwino masana. Usiku ma ejenti atseka, netiweki nayo ili ndi masiku ake. Pamodzi ndi ndalamayo pakhale kabuku ka kuchipatala, tochi, mapaketi angapo a Thanzi ORS, panado, bandeji ndi sopo. Zonsezi zimakwana m'kachikwama kamodzi.

Chovuta kwambiri si katundu, ndi manyazi. Wa mphumu, wa khunyu, wa shuga, kapena amene thupi lake limadana ndi mankhwala ena monga penisilini kapena bakitirimu, ayenera kuuzako munthu mmodzi wa m'chipinda. Kuzizira kwa kuno ndi fumbi la m'chilimwe zimadzutsa mphumu, ndipo mesho amene sadziwa pamene pali kopopera mpweya kaja amangoima n'kumalira. Za khunyu tidakula ndi zabodza zambiri. Sapatsirana, ngakhale pokhudza thovu la kukamwa. Munthu akagwa, chotsani zimene zingamuvulaze, ikani chofewa kumutu, osamupanikiza, osamulowetsa sipuni kapena chala m'kamwa. Kugwedezekako kukatha mugonekeni chammbali. Kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwereza asanatsitsimuke, thamangirani ku chipatala.

Woledzera kwambiri amene sakudzuka ngakhale mumutsine, musamusiye yekha chagada kuti agone zimuthere. Ambiri amatsamwa ndi masanzi awo omwe. Amene amaphunzira m'nkhalango ku Chongoni, kapena amene ali kumudzi pa nthawi yoyeserera kuphunzitsa, akumbukire za njoka ndi agalu. Wolumidwa ndi njoka satemedwa mphini, samuyamwa, samumanga chingwe cholimba. Mumamukhazika phee, chiwalocho chisagwedezeke, n'kumunyamula kupita ku chipatala. Bala la galu mumalitsuka ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako ku chipatala tsiku lomwelo, chifukwa chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro sichichizika.

Ndiwonjezere chimodzi chimene sichioneka ngati ngozi. Mnzanu amene wasiya kudya ndi kupita ku kalasi, wayamba kugawa katundu wake, kapena akunena kuti kuli bwino atangofa chifukwa cha fizi, mayeso kapena chibwenzi, musamuseke kuti akufuna kutchuka. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsako sikumupatsa maganizowo. Musamusiye yekha usiku umenewo, chotsani mankhwala a mbewu ndi a makoswe pafupi, ndipo uzani wamkulu amene mumamukhulupirira ngakhale atakupemphani kuti musaulule.

Za kumwamba, za pansi ndi za m'madzi

Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, mphenzi zimapha anthu m'dziko muno chaka chilichonse, ndipo malo okwera ndi mabwalo a mpira ndiwo zimakonda. Mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka bingu ligunde. Masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi. Akapanda kufika 30, masewero aime, lowani m'nyumba yeniyeni, osati pansi pa mtengo kapena m'kachisakasa, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Munthu woombedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi. Mugwireni, muthandizeni. Nkhani ya amene waitumiza, ngati mukufuna kuikamba, idikire munthu apume kaye.

Chivomerezi timachiiwala chifukwa chimabwera patalipatali. Koma amene adatsikapo msewu wa Khwekhwerere kulowera ku Golomoti adaona phompho lija ndi maso ake. Tili m'mphepete mwa chigwa chachikulu chimene nthaka yake ikung'ambika pang'onopang'ono. Pa 10 Marichi 1989 chivomerezi champhamvu yoposa 6 chidagwedeza Salima ndi maboma oyandikana nayo, Dedza yomwe, ndipo anthu 9 adafa, pafupifupi 50,000 n'kusowa pokhala. Nthaka ikayamba kugwedezeka muli mkati, bisalani pansi pa thebulo kapena bedi lolimba, tetezani mutu, talikirani mawindo. Kuthamangira pakhomo limodzi anthu 100 kumavulaza kuposa chivomerezicho. Chikaleka, tulukani mwadongosolo n'kukaima kutali ndi makoma ndi mawaya.

Kolera ndiyo sitingaiiwale msanga. Mliri umene udayamba mu Marichi 2022 udagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iyo. Hositelo imene mipopi yauma masiku atatu, zimbudzi zamadzi zadzaza, anthu akutunga pachitsime ndi kugula zakudya pageti, ndi malo amene matendawa amayenda ngati moto wa lupsa. Kolera imapha pochotsa madzi m'thupi, ndipo imatha kumaliza munthu wamkulu wathanzi m'maola ochepa. Wotsegula m'mimba zamadzi ngati otsukira mpunga ayambe kumwa Thanzi nthawi yomweyo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, akumwabe ali pa ulendo wa ku chipatala. Thanzi akasowa, masipuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni ya mchere mu lita imodzi. Madzi akumwa awiritseni kapena thiranimo WaterGuard.

Anthu

Tsopano tifike pa zimene makolo aja ankaopa. Akuba alipo, makamaka a mafoni ndi malaputopu, ndipo nthawi zambiri sachokera kutali. Lembani nambala ya IMEI ya foni yanu, imene imaoneka mukaimba *#06#, ndi nambala ya laputopu, chifukwa apolisi adzazifunsa. Ntchito yanu ya kusukulu isungeninso pa intaneti. Wina akakutsekerezani panjira ndi chikwanje, perekani foniyo. Ndipo wakuba akagwidwa pakoleji, apite kupolisi ali wamoyo. Wophunzira amene waponya nawo mwala amasanduka woimbidwa mlandu wakupha, sukulu n'kuthera pomwepo. Za amene amaimba foni kuti atumiza ndalama molakwika pa Airtel Money kapena Mpamba, onani balansi nokha, ndipo PIN sauza munthu, ngakhale wodzitcha wa kukampani.

Paulendo, nkhungu ya pa M1 pakati pa Dedza, Bembeke ndi Lizulu imatha kuphimba msewu moti dalaivala saona woyenda pansi mpaka atamufika. Yendani moyang'anizana ndi magalimoto, muli ndi tochi kapena chovala chowala. Pa kabaza funsani chisoti, ndipo kukwera atatu kuti mugawane mtengo ndi kutchipa kodula. Usiku kwerani amene mumamudziwa, n'kutumizira mnzanu uthenga kuti mwakwera ndani ndipo mufika nthawi yanji.

Koma choopsa chachikulu kwa ophunzira aakazi, ndi aamuna ena, si mlendo wobisala m'tchire. Ndi munthu wodziwika: chibwenzi, mnzako wa m'kalasi, wa chaka chapamwamba amene adakuthandiza kupeza malo, kapena mphunzitsi amene akukuitanira ku ofesi madzulo kuti mukambirane za malikisi. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi K1,000,000 ndi zaka 5 kundende. Kufalitsa zithunzi zamaliseche za munthu kapena kumuopseza pafoni kumagwa pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Malamulowa amagwira ntchito pamene pali umboni, choncho mauthenga oterowo musafufute chifukwa cha mkwiyo kapena manyazi. Ajambuleni, asungeni pena, lembani tsiku ndi nthawi.

Wina akagwiriridwa, pali wotchi imene imayamba kuyenda, ndipo ambiri saidziwa. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira kumawonjezera mphamvu yake. Amamwedwa masiku 28 ndipo m'zipatala za boma ndi aulere. Mapiritsi oletsa mimba pangozi nawonso amagwira bwino m'masiku atatu oyambirira, ngakhale ena amafika masiku asanu. Ndiye poyambira ndi ku chipatala, msanga. Ngati n'kotheka asasambe kaye, ndipo zovala zisungidwe m'pepala kapena m'nsalu yoyera, osati m'jumbo, momwe chinyezi chimaononga umboni. Koma ngati wasamba kale, apite ndithu. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo nambala yaulere ya 5600 ya bungwe la YONECO ndi yothandiza pa nkhanza zotere.

Iwe amene mnzako wakuuza zimenezi pakati pa usiku, mafunso akuti unkakatani kumeneko, unavala chiyani, unamwa mowa kodi, asunge m'thumba. Funso lako likhale lakuti zachitika nthawi yanji, kuti uwerenge maola amene atsala, kenako imba foni kwa wakabaza uja n'kupita naye limodzi. Nkhaniyo ndi yake, si ya pagulu la WhatsApp la kalasi.

Izi zonse n'zambiri kuziloweza pa tsiku limodzi, ndipo sindikuyembekeza kuti wa chaka choyamba, amene akusakabe kalasi yake, azisunga zonse m'mutu. Chimene ndimauza azing'ono anga akamabwera kuno n'chakuti usiku woyamba magetsi akazima, asayatse tochi msanga. Aime pakhomo pa chipinda chawo, agwire khoma, ayende mumdimamo akuwerenga zitseko mpaka pakhomo lotulukira, kenako abwerere n'kuwerenganso kulowera ku khomo linalo. Mu utsi maso sagwira ntchito, chimatsala ndi dzanja ndi chiwerengerocho. Akafika pa khomo lachiwirilo alikankhe. Likakana, m'mawa mwake apite kwa a matroni akafunse za kiyi.